Chilonda Chosaoneka: Phunziro la Kuchira kwa Mtima Ngozi Ikapita

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera. Madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Zomwezo zidachitika m'madera ena a Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, pamene kuchigwa cha Shire midzi yambiri idamira. Anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa, ena oposa 500 sadapezeke, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Boma lidalengeza masiku 14 okhuza maliro. Ngoziyi idafika pamene mabala a namondwe wa Idai wa 2019 ndi wa Ana wa 2022 adali asanapole.

Makomiti a chitukuko akakhala pansi kuwerenga zimene ngozi yaononga, amalemba milatho, mijigo, midadada ya sukulu, minda ndi ziweto. Izi n'zoyenera. Koma pali chionongeko china chimene sichilowa m'kaundula, chomwe ndi kusweka kwa mtima wa munthu amene adaona imfa ndi maso ake. Mlimi amene sagona usiku salima bwino masana, ndipo mwana amene amanjenjemera kukachita mitambo samva za mphunzitsi. Choncho kuchira kwa mtima ndi nkhani ya chitukuko monga momwe ulili mlatho. Phunziro lino likufotokoza chilonda chimenechi, njira zimene munthu amatulutsira zakukhosi, ntchito ya uphungu, ndi zimene anthu a m'wodi angachite ndi zomwe ali nazo kale.

Zimene zimachitika m'thupi ndi m'maganizo

Munthu akakumana ndi zoopsa, thupi lake limadzikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana nazo. Limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, mpweya umabanika, minofu imakungika, ndipo makutu amamva ngakhale kaphokoso kochepetsetsa. Zonsezi zimapulumutsa moyo pa nthawi ya ngozi. Vuto limabwera ngoziyo ikapita koma thupi n'kukhalabe ngati likadali pakati pake.

M'masiku ndi masabata oyamba, si zachilendo munthu kulephera kugona, kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi kugunda kwa bingu, kusafuna chakudya, kupsa mtima msanga kapena kungokhala duu osamva chisoni kapena chimwemwe. Ana ena amayambanso kukodza pogona, amakakamira amayi awo, kapena amasewera mobwerezabwereza sewero la madzi akukokolola nyumba. Imeneyi si misala, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Anthu ambiri amayamba kupeza bwino pakapita masabata angapo, makamaka akakhala ndi pogona, chakudya ndi abale owasamala.

Ena sachira okha. Zizindikiro zikapitirira mwezi umodzi n'kumasokoneza ntchito, sukulu kapena banja, achipatala amaganizira za matenda otchedwa PTSD. Munthu wotere amaonanso ngoziyo m'maganizo ngati ikuchitika tsopano. Amapewa malo, anthu ndi nkhani zomukumbutsa zimene zidachitika. Amakhala tcheru nthawi zonse ngati mlonda, ndipo kawirikawiri amadziimba mlandu kuti akadagwiritsa dzanja la mwana wake, mwanayo sakadapita ndi madzi. Ena amagwa m'matenda a nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu, ena amathawira ku kachasu kapena chamba.

Kumudzi matendawa sabwera ndi dzina lake. Munthu amangoti mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, m'thupi monse mukuphwanya, kapena akuganiza kwambiri. Amapita kuchipatala, amuyeza malungo osawapeza, abwerera ndi panado, sabata yotsatira abweranso. Ululu wakewo ndi weniweni, koma muzu wake uli m'maganizo. Chilonda chomwechi chimapezekanso mwa amene adagwiriridwa, amene amamenyedwa m'banja, amene adapulumuka pa ngozi ya pamsewu, ndi amene adaferedwa mwadzidzidzi.

Chifukwa chake kukhala chete sikuchiza

Ofedwa amauzidwa kuti alimbe mtima, ndipo mnyamata amakula akumva kuti mwamuna salira. Mawu amenewa amanenedwa ndi cholinga chabwino, koma munthu akawatenga ngati lamulo lakuti asatchule konse zimene zidamugwera, chilonda chimatukusira mkati.

Chikumbukiro cha zoopsa sichisungika m'mutu monga nkhani zina. Chimakhala zidutswazidutswa: mkokomo wa miyala, fungo la matope, kulira kwa munthu mumdima. Zidutswazi zimatulukira zokha nthawi iliyonse, ndipo munthu akamazikankhira kutali m'pamene zimabwerera ndi mphamvu. Akapeza mpata wofotokoza nkhaniyo mwadongosolo, kuyambira pamene idayambira mpaka pamene idathera, maganizo amayamba kuiika m'gulu la zinthu zakale. Chisoni sichitha, koma munthuyo amayamba kukumbukira popanda thupi lonse kunjenjemera.

Komabe pali chenjezo. Chithupsa chimene sichinapse sachifinya. Bungwe la WHO sililimbikitsa mchitidwe wosonkhanitsa anthu ngozi itangochitika n'kuwauza kuti aliyense afotokoze mwatsatanetsatane zimene waona, chifukwa kafukufuku adaonetsa kuti sizithandiza ndipo ena zimawapweteka. Nkhani ndi ya mwini wake. Iye ndiye asankhe nthawi, malo ndi munthu womuuza, ndipo ali ndi ufulu wolekezera panjira.

Njira zotulutsira zakukhosi

Makolo adali nazo njira zawo. Amayi akamasinja pamtondo ankaimba za mwamuna wankhanza, za apongozi ovuta ndi za mwana amene adamwalira, ndipo mudzi wonse unkamva popanda wowaimba mlandu. Masiku ano chigayo chalowa m'malo mwa mtondo, ndipo bwalo limenelo lacheperachepera. Pamaliro, kulira mokweza, kugona pasiwa ndi kumeta zimapatsa ofedwa nthawi ndi malo oti chisoni chawo chioneke. Namondwe adalanda mabanja ambiri mwayi umenewu. Ena adaika abale awo mofulumira, ena alibe ngakhale manda oti aloze. Mabanja otere amathandizika mfumu ndi atsogoleri achipembedzo akakonza mwambo wa chikumbutso pamene maina a osowawo amatchulidwa limodzi ndi limodzi, ngakhale patapita zaka.

Kulankhula ndi munthu mmodzi wodalirika ndiyo njira yoyamba. Sikufuna ofesi. Kungachitike pakhonde, podikira kuchigayo, kapena pobwera kudimba.

Kulemba ndi njira yachiwiri. M'chaka cha 1986, katswiri wa zamaganizo wa ku America, James Pennebaker, adapempha ophunzira a payunivesite kuti alembe za chinthu chowawa chimene chidawachitikira, mphindi 15 patsiku kwa masiku anayi otsatizana. Amene adalemba zochitikazo pamodzi ndi mmene adamvera mumtima adapita kuchipatala mocheperapo m'miyezi yotsatira poyerekeza ndi amene adalemba nkhani wamba. Kafukufuku wina wotsatira adaonetsa kuti phindu lake ndi lapakatikati ndipo sililowa m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala, koma njirayi imangofuna kope ndi cholembera. Munthu atha kulemba kalata kwa womwalirayo, kunena zimene sadathe kumuuza. Palibe woti achonge zilembo zake, ndipo akamaliza atha kuisunga kapena kuing'amba. Amene sadziwa kulemba atha kujambula mawu ake pafoni, kapena kuwanena m'pemphero. Ngati kulembako kukumuonjezera mantha, aleke n'kufuna womuthandiza.

Ana satha kufotokoza zambiri ndi pakamwa. Amalankhula kudzera m'zojambula, zoumba ndi dongo ndiponso masewero. Mwana akajambula nyumba ili m'madzi, wamkulu asamulande pepala kapena kumukalipira kuti akuitana tsoka. Amufunse modekha kuti, "Tandiuza za chithunzi chakochi." Akayankha, amumvetsere, akakhala chete, amusiye. Mwana amafunanso kumva zoona m'mawu osavuta. Kumuuza kuti amayi ake adapita kutauni pamene adamwalira kumangochedwetsa chisoni, ndipo tsiku limene adzadziwe zoona adzasiya kukhulupirira akuluakulu. Alezi a kusukulu za mmera mpoyamba ndi aphunzitsi a kupulayimale ali pamalo abwino poona mwana amene wasintha khalidwe.

Nyimbo, magule ndi zisudzo zimathandiza gulu lonse nthawi imodzi. Kwaya ikapeka nyimbo yake ya zimene mudzi udaona, kapena achinyamata akachita sewero la bambo amene wasiya kulankhula chichitikire ngozi, oonera amazindikira kuti sali okha. Sewero lotere lisatchule munthu weniweni, ndipo likatha pakhale nthawi yokambirana.

Thupi nalo limafuna kutonthozedwa. Kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya m'mphuno mpaka mimba itukuke n'kuutulutsa mosafulumira, kwa mphindi zingapo, kumachepetsa kuthamanga kwa mtima. Kugona ndi kudzuka nthawi yofanana, kudya, kugwira ntchito zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, ndi kubwerera kumpingo, kumzikiti kapena kubanki mkhonde zimauza thupi kuti moyo ukupitirira.

Ntchito ya womvetsera

Mawu otuluka kukhosi amafuna khutu lowalandira. M'chaka cha 2011, bungwe la WHO pamodzi ndi mabungwe ena lidatulutsa buku la chithandizo choyamba cha maganizo, limene lidamangidwa pa mfundo zitatu: kuyang'ana, kumvetsera ndi kulumikiza. Kuyang'ana ndiko kuona ngati munthuyo ali pamalo otetezeka ndiponso ngati ali ndi zosowa za msangamsanga. Kumvetsera ndiko kukhala naye osamukakamiza kulankhula. Kulumikiza ndiko kumufikitsa kwa abale ake ndi kumene angapeze chakudya, mankhwala kapena uphungu. Mfundozi angazitsate munthu aliyense, ngakhale amene sadapite patali ndi sukulu.

Womvetsera wabwino amakhala pansi, amazimitsa foni, ndipo sathamangira kudzaza kachetechete ndi mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Atha kuyamba ndi mawu ochepa: "Pepani amayi, ndabwera kudzakuonani. Ngati mukufuna kulankhula ndikumvetserani, ngati simukufuna tingokhala." Sauza mayi woferedwa kuti akadali wamng'ono adzabereka wina. Sauza bambo kuti athokoze poti iye adapulumuka, pakuti kupulumukako ndiko kumamuwawa. Safunsa chifukwa chimene adamangira nyumba m'mbali mwa phiri, kapena chimene mtsikana wogwiriridwa ankayendera usiku. Mafunso otere amatseka pakamwa pa munthu, mwina kwa zaka.

Chachikulu koposa ndi chinsinsi. Nkhani imene yanenedwa pakhonde madzulo ikamveka pamjigo m'mawa, munthuyo sadzalankhulanso, ndipo ena amene amafuna kulankhula adzabwerera m'mbuyo. Chinsinsi chimaswedwa pokhapokha moyo wa munthu uli pachiswe kapena mwana akuchitiridwa nkhanza, ndipo ngakhale pamenepo amauzidwa okhawo amene angathandize.

Othandiza nawonso amavulala. Achinyamata amene adafukula mitembo ndi makasu ndi mafosholo, adzukulu okumba manda, anamwino ndi mafumu adasenza zambiri. Iwonso ayenera kupeza wowamvetsera.

Uphungu ndi mmene umagwirira ntchito

Uphungu umasiyana ndi malangizo a ankhoswe kapena a anamkungwi. Nkhoswe imamva mbali ziwiri n'kunena wolakwa, ndipo namkungwi amauza wachinyamata zoyenera kuchita. Phungu saweruza ndipo sasankhira munthu zochita. Amafunsa mafunso amene amathandiza mwini nkhani kuona vuto lake bwinobwino n'kupeza yekha poyambira. Amakumana naye kangapo, pa nthawi yopangana, pamalo poduka mphepo.

Chitsanzo chodziwika bwino chidachokera ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera adaphunzitsidwa kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, maulendo asanu ndi limodzi. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016, wokhudza anthu 573, adapeza kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi anthu 14 mwa 100 alionse amene adakhala pabenchi adali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, poyerekeza ndi pafupifupi 50 mwa 100 amene adalandira chithandizo cha nthawi zonse. Njirayi idayesedwanso m'zipatala zina ku Lilongwe. Phunziro lake ndi lakuti anthu wamba, akaphunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa ndi achipatala, atha kupereka chithandizo chenicheni.

Kacheza kotere kamayenda motere. Munthu amatchula mavuto ake onse: tulo tasowa, ngongole yakula, denga likudontha, ana asiya sukulu. Kenaka amasankha limodzi limene angathe kuligwira. Amaganizira njira zingapo, n'kusankha imodzi, n'kupangana ndi phunguyo tsiku limene adzaiyese. Akabweranso amafotokoza mmene zayendera. Munthu amene ngozi idamuphunzitsa kuti alibe mphamvu pa chilichonse amayamba kuona kuti pali zina zimene manja ake angasinthe. Kwa amene ali ndi PTSD yeniyeni, pali uphungu wapadera woperekedwa ndi akatswiri, umene umathandiza munthu kuyang'anizana ndi chikumbukiro chake pang'onopang'ono. Ena amafunikanso mankhwala, amene ayenera kulembedwa ndi achipatala okha.

Pemphero ndi uphungu sizilimbana. Abusa, ansembe ndi mashehe ndiwo amene anthu ambiri amayamba kuwafikira, ndipo mtsogoleri wanzeru amapempherera munthu n'kumuperekezanso kuchipatala.

Nthawi yofuna chithandizo mwamsanga

Munthu afikitsidwe kuchipatala mosachedwa ngati akunena zofuna kudzipha kapena kuti kuli bwino atafa, ngati wayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, ngati wasiya kudya, kusamba kapena kusamala ana, ngati akumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona, kapena ngati mowa wamulanda ntchito ndi banja. Kufunsa munthu mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizo amenewo; nthawi zambiri kumamupeputsa. Akavomera, asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala ophera tizilombo ndi zina zimene angadzivulaze nazo zichotsedwe m'nyumba. Abambo asaiwalike, chifukwa malipoti a apolisi m'dziko muno amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna.

Poyambira ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena chipatala chaching'ono chapafupi, chimene chimatumiza odwala kuchipatala chachikulu cha boma kumene kuli ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Matenda akakula, kuli chipatala cha Zomba Mental Hospital, komanso cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nkhani za ana ndi mabanja zimapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya khonsolo. Ochitiridwa nkhanza athandizidwa ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku One Stop Centre kumene iliko, ndipo wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ana ndi achinyamata atha kuimba ulere pa nambala ya 116.

Udindo wa makomiti ndi mafumu

Mutu umodzi susenza denga. Mapulani a chitukuko cha boma amayambira m'midzi, kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC, ndipo chimene sichidatchulidwe pansi sichifika pamwamba. Komiti iliyonse itha kusankha amayi ndi abambo odziwika ndi kusunga chinsinsi n'kupempha, kudzera mwa khansala, kuti ofesi ya zaumoyo ndi ya chisamaliro cha anthu ziwaphunzitse chithandizo choyamba cha maganizo. Itha kupatula malo abata, pansi pa mtengo kapena m'kalasi ana akaweruka, oti anthu azichezerapo tsiku lodziwika pasabata. Komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pokonza mapulani a nyengo ya mvula, ilembe maina a omvetsera pamodzi ndi malo othawirako. Mafumu aletse pabwalo mchitidwe wotcha munthu wovutika maganizo kuti wamisala kapena wolodzedwa, pakuti manyazi ndiwo amabisa odwala ambiri m'nyumba.

Tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse limakhala pa 10 Okutobala, kutatsala pang'ono kuti mvula iyambe. Kwa ambiri mvula yoyamba ndi chimwemwe, koma kwa amene adataya abale m'matope, kugunda kwa bingu ndi phokoso la padenga la malata zimadzutsa zonse. Imeneyo ndiyo nyengo yoti komiti iyendere mabanja amenewa mitambo isanayambe kusonkhana. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa komiti

1. Ndi magulu ati a anthu m'dera lino amene adakhudzidwa kwambiri ndi ngozi koma sadapezebe wowamvetsera?
2. Ndi mawu ati onenedwa pamaliro kapena pabwalo amene amatonthoza, nanga ndi ati amene amatseka munthu pakamwa?
3. Abambo ndi anyamata amakumana kuti, ndipo ndani angayambitse nkhani imeneyi pamalo amenewo?
4. Munthu atanena usiku kuti akufuna kudzipha, ndani angauzidwe, ndipo angafike bwanji kuchipatala?
5. Ndi mfundo iti imodzi ya m'phunziro lino imene komiti ilembe m'pulani yake ya chaka chino, ndipo ndani adzapereke lipoti lake pamsonkhano wotsatira?